Anawapatula Pofuna Kuwamanga

"Ndiye mukuti ndikagone kuti?" anafunsa Raston ataima pakhomo la nyumba imene anaifolera ndi manja ake. "Yankhani inuyo alamu, poti mwabwera nalo ndinu lamuloli."

"Lamulo si langa ayi," anatero Maness, mkulu wake wa Zelifa mkazi wa Raston, amene analinso wapampando wa amayi mu mphakati wa Akatolika m'mudzimo. Anali atakhala pakhonde, atavala korona m'khosi ngati wabwera kudzazonda wodwala. "Mwawamva nokha aphunzitsi m'mawamu. Anthu okhalira limodzi akafuna kudalitsa ukwati wawo kutchalitchi, ayambe apatukana kufikira maphunziro atatha. Masabata anayi okha. Kodi masabata anayi n'chaka?"

"Sindinafunse kutalika kwake, ndafunsa kogona. Nyumba iyi ndi ya mng'ono wanu, iyo ndi yanu, ya uko ndi ya amalume anu. Mudzi wonse uno ndi wa apongozi anga ndi alamu anga. Ndikagogode pati? Kapena ndikalowe m'gowelo, ndizikagona ndi anyamata osinkhana ndi mwana wanga, ine ndi imvi zangazi?"

"Amuna anzanu amagona m'misasa kudoko, koma safa."

"Amuna anzanga amagona kudoko pofuna nsomba. Ine ndikagoneko pofuna chiyani?"

"Pofuna kumwamba, alamu."

Zelifa, mwini wake wa mwamunayo, anali pomwepo pabwalo. Ankayanika chinangwa pathandala, ndipo chigawo chimodzi anali atachitembenuza kale katatu. Nkhaniyi anaiyambitsa ndi iye, n'chifukwa chake inkamulemera kuposa onse. Iye ndi Raston anakwatirana mwa pamudzi, ankhoswe alipo, nkhuku inadyedwa, ana anayi anabadwa. Koma kutchalitchi ukwati wotere sauwerenga, choncho kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi Zelifa ankakhala pabenchi lakumbuyo, anzake akamapita kuguwa kukalandira Ukaristia iye n'kumangoimba nawo nyimbo. Pa Misa ya Pasaka chaka chimenecho mawu anamuthera pakati pa nyimbo, n'kuyamba kulira. Raston, amene ankadziwana ndi tchalitchi monga munthu amadziwirana ndi chipatala, kupitako zikavuta, anaiona misozi imeneyo. Pobwerera kunyumba anangoti, "Tiyeni tikalembetse." Sanadziwe kuti kulembetsako kumutulutsa m'nyumba.

"Bambo a Rute," Zelifa anatero osatembenuka, "pirirani chabe. Ine ndapirira zaka zonsezi. Masabata anayi sangatiphe."

Raston anamuyang'ana kumsana kwa kanthawi. Akanakhala Maness wanena zimenezo, mkangano ukanafika madzulo, koma kwa mkazi wake analibe mawu olimba.

"Amake Rute, akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ukwati tili nawo kale. Lero tikuusiya pakhomo pano kuti tikaufune kwina. Chabwino, ndamva. Ndipatseni mphasa ndi bulangete."

Sabata yoyamba inayenda bwino moti Zelifa anachita nayo manyazi. Raston ankagona kudoko kufupi ndi mathiriro a mtsinje wa Bua, pamene asodzi ankadikirira mpasa, ndipo m'mawa ankabwera kudambo. Mpunga unali utayamba kucha, mbalame zitauzindikira. Mwamuna ankaima pachulu cha kumtunda, mkazi pachulu cha kumunsi, aliyense akukuwa mbalame zake. Nthawi zina Raston ankakuwa popanda mbalame n'imodzi yomwe, kuti Zelifa acheuke. Zelifa ankacheuka, n'kuseka yekha ngati mtsikana wongotomeredwa kumene.

Koma pamudzi maso sagona. Lachinayi masana mutu unamuwawa Raston, n'kulowa m'nyumba kukagona pang'ono pamthunzi. Zelifa anali kuchitsime, koma chimene Maness anaona ndi chitseko chotseka ndi nsapato za mwamuna pakhomo. Pofika Loweruka nkhani inali itafika kale kwa a Steward.

A Steward anali katekisiti wa tchalitchi chaching'ono cha m'deralo, kumene wansembe ankafika kamodzi pamwezi kuchokera kuboma. Sanali munthu woipa. Maliro onse ankaika ndi iwo, ana onse ankawadziwa mayina. Vuto lawo linali loti chimene chalembedwa ankachikhulupirira kuposa munthu amene wakhala patsogolo pawo. Tsiku limenelo pamabenchi panali mabanja asanu ndi limodzi a anyamata ndi atsikana onunkhira mafuta odzola, ndipo kumapeto kwenikweni kunali Raston ndi Zelifa, amene mwana wawo woyamba anali wofanana msinkhu ndi ena mwa akwatiwo.

"Ukwati n'chiyani?" anafunsa a Steward, chala chili m'buku.

"Ukwati ndi sakramenti lomanga mwamuna ndi mkazi kufikira imfa," onse anayankha pamodzi.

"Bwerezani."

Anabwereza kasanu. Kenaka anawerengetsa masakramenti, malamulo khumi, ndi pemphero la kulapa. Dzuwa litafika pamutu, Raston anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ndili ndi funso. Mwati kufikira imfa. Nanga mwamuna akakalambira pamudzi pa eni, mkazi n'kutsogola kumwalira, iyeyo amapita kuti? Munda si wake, ana si a mtundu wake, kwawo anachokako kale. Bukulo likuti chiyani?"

Anyamata aja anaseka. Zelifa anamutsina mwamuna wake pantchafu, poona ngati akufuna kuwachititsa manyazi aphunzitsi pagulu.

"Zimenezo n'za ankhoswe, bambo," anatero a Steward mwaulemu. "M'bukumu mulibe. Tiyeni titsirize mapemphero."

Ena atatuluka, a Steward anawaitanira awiriwo pambali. Anati sakuwaweruza, koma akhristu ena akhumudwa ndi za Lachinayi zija, ndipo satana sachedwa kulowera pachitseko chotseka. Kunali bwino bambo apite kwawo ku Benga, azibwera Loweruka lokha kudzaphunzira.

"Mutu ndi umene unkandiwawa, aphunzitsi," anatero Raston.

"Ndikukhulupirirani. Koma anthu ndiwatseka bwanji pakamwa? Kwatsala masabata atatu okha."

Raston anayang'ana mkazi wake, kudikira kuti anene kanthu. Zelifa anayang'ana pansi. Mumtima mwake munali mawu akuti musapite, koma patsogolo pake ankaona guwa lili pafupi kuposa kale lonse. M'mawa mwake Raston anakwera matola wa ku Benga.

Chinali chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri, ndipo munthu aliyense wodziwa kuwerenga anali wofunika kwina. Loweruka lachiwiri Raston anatsika pamsewu atanyamula mtedza wa kwa mlongo wake, n'kupeza tchalitchi chokhoma. Pachitseko panali kapepala konena kuti aphunzitsi aitanidwa kuboma kukaphunzira za kavotedwe. Iye ndi Zelifa anakhala pansi pa mtengo wa mango wa patchalitchi, n'kumaswa mtedza. Nyumba yawo inkaoneka denga lake kuseri kwa nthochi, koma palibe anatchula zopitako.

Loweruka lachitatu pabwalo la sukulu panali msonkhano wa chipani, ndipo akwati onse aja anathamangira kukalandira nsalu. A Steward anati sangaphunzitse banja limodzi lokha. Loweruka lachinayi tchalitchi chinadzaza, koma ndi anthu odzaphunzira kuponya voti. Raston anadikira panja kufikira masana, a Steward n'kutuluka thukuta lili kamukamu, kudzapepesa kuti zonse ziyambiranso chisankho chikatha.

"Masabata anayi aja akwana lero," anatero Raston ali ndi mkazi wake pamsewu. "Phunziro limodzi. Ndiuzeni amake Rute, ndibwerere kunyumba kapena ndibwerere ku Benga?"

"Tikasokoneza pano ndiye kuti zonse tapirirazi zapita pachabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo a Rute."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," anayankha Raston, koma mosakwiya. Anamufunsa za chifuwa cha mwana wamng'ono, n'kumuuza kuti mpunga wa kumunsi ayambe kumweta msanga madzi asanauwononge. Galimoto itabwera anakwera.

Loweruka lotsatira sanabwere. Chisankho chinachitika, anthu anavina m'misewu, ena anatseka mawailesi awo ndi mkwiyo, koma Zelifa zonsezo zinkamudutsa ngati maliro a kumudzi kwina. Anamweta mpunga ndi mwana wake Rute, anaupuntha, anautuntha yekha pamutu kuchokera kudambo. Ntchito sinkamuopsa. Chimene chinkamuvuta n'choti ankamusowa mwamunayo. Ankasowa kutsokomola kwake kwa m'mawa, ankasowa kudandaula kwake kuti ndiwo zachepa mchere, ankasowa ngakhale fungo la nsomba limene kale ankamukalipira nalo. Kunkati kukamveka galimoto pamsewu, manja ake ankaima okha pantchito.

"Wayamba kuwonda," anatero Maness tsiku lina atamupeza akupeta. "Usadzivute mng'ono wanga. Mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Ngati masabata ochepawa amugonjetsa, ndiye kuti Mulungu wakuonetsa msanga mtima wake. Ukuganiza kuti ku Benga kulibe akazi? Mwamuna sakhala milungu isanu ndi umodzi akudya za mlongo wake zokha."

"Achemwali, munthu uja anachoka chifukwa ife tinamuuza kuti achoke."

"Tinamuuza kuti azibwera Loweruka. Wabwera?"

Lachinayi lotsatira Zelifa anavala chitenje chake cha Amayi Achikatolika, anamanga mpunga watsopano pakansalu, n'kukwera galimoto ya ku Benga. Njira yonse ankakonza mawu oti akamuuze mkazi winayo. Anamupangira nkhope, anamupangira ndi dzina lomwe.

Tione, mlongo wake wa Raston, anamulandira ndi manja awiri, n'kumuyalira mphasa pamthunzi. Zelifa anayang'ana pachingwe cha zovala, anayang'ana kukhitchini, osaona chachilendo.

"Musavutike kufunafuna, alamu," anatero Tione akuseka. "Kuno kulibe mnzanu. Achimwene ali kuchulu uko. Tsatirani nyimboyo."

Kunalidi nyimbo. Zelifa anaima kuseri kwa chitsamba n'kumvetsera, chifukwa mawuwo ankawadziwa koma anali atawaiwala. Raston anali m'dzenje la matope ofika m'mawondo, chikombole chili m'manja, akuumba njerwa. Pabwalo panali mizere ya njerwa zouma yofika mpaka kumtengo wa masau. Anali atanenepa pang'ono. Zelifa anamva nsanje yoposa imene anabwera nayo, chifukwa mkazi mnzako ungathe kulimbana naye, koma munthu wosangalala yekha ungamutani?

Raston atamuona anatuluka m'dzenjemo, nkhope yake n'kuwala. Anasamba m'manja, anamutengera chitsa choti akhalepo, anafunsa za ana mmodzimmodzi.

"Aphunzitsi ayambiranso Loweruka lino," anatero Zelifa. "Akuti maphunziro atatu otsalawo awaphatikiza pamodzi. Ndabwera kudzakutengani."

Raston anakhala pansi moyang'anana naye.

"Amake Rute, ndikuuzeni zoona. Nditafika kuno ndinkangowerenga masiku. Sabata yachitatu amalume anandiitana, n'kundionetsa munda uwu. Akuti ndi wa malemu amayi, wakhala ukugona zaka zisanu ndi chimodzi, palibe woulima. Ndinatenga khasu kuti ndingochotsa ulesi. Ndinalima tsiku lonse, ndipo palibe anabwera kudzandiuza kuti malire ndi apa, mtengo uwo musadule, eni ake sanalole. Madzulo anandiitana pankhani ya maliro a kubanja, n'kundifunsa maganizo. Ine, kundifunsa maganizo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kwanu kuja, pa nkhani ya banja ndimatumidwa kukatema nkhuni."

"Ndinakuzunzani ine?"

"Inu ayi. Inu mukanandizunza bwenzi zili zosavuta. Koma mukukumbuka chaka chimene ndinafuna kuumba njerwa? Alamu anga anati mkamwini asakule mwendo, nyumba ya njerwa pamalo a eni imabweretsa milandu. Ndinaseka nawo, koma usiku wake sindinagone. Funso lija ndinafunsa m'tchalitchi, anthu n'kuseka, inu n'kunditsina, silinali la chipongwe. Lakhala likundidya kuyambira pamene imvi zinayamba. Ndinkaganiza kuti poti tapita kwa anthu ophunzitsa za ukwati, mwina kumeneko wina atifunsa kuti inu awiri, chikukuopsani n'chiyani. M'malo mwake anandiwerengetsa masakramenti, n'kunditumiza kwathu. Ndafika kwathu, ndakupeza kulipo. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka."

Zelifa anamuyang'anitsitsa.

"Ndiye mukundisiya?"

"Njerwazi mukuziona ngati za nyumba ya munthu mmodzi? Zipinda zitatu. Ndikufuna mubwere kuno. Ankhoswe akhale pansi, apemphe chitengwa mwa mwambo wake. Ine ndakhala kwanu zaka zonsezi, inu dzakhaleni kwathu zotsalazi."

"Nanga dambo la amayi? Nanga manda awo? Achemwali sangalole ana achoke, mukudziwa. Adzati mbumba ndi yawo."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinkaopa kunena. Koma kubwerera kukakhala monga kale, ayi, sindingathe. Munthu amene sanalawe sadziwa kuti ali ndi njala."

"Bwerani kaye Loweruka, tidalitse ukwati. Zinazi tidzakambirana pambuyo."

"Ndikalumbire pamaso pa Mulungu kuti kufikira imfa, tisanagwirizane kumene tidzafere? Limenelo lingakhale bodza, amake Rute. Ine si mkhristu wolimba, koma bodza la paguwa ndimaliopa."

Kenaka Zelifa anamasula kansalu kaja n'kumuonetsa mpunga. Raston anatapa pang'ono, anaununkhiza, anatafuna njere ziwiri, n'kunena kuti wa chaka chino wakhwima bwino. Anamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo galimoto itanyamuka Zelifa anamuona ataima pomwepo, matope ataumira m'miyendo.

Loweruka Zelifa anakhala yekha kumapeto kwa benchi. Akwati aja anali atavala nsalu zawo zachipani, ena zachikasu ena zobiriwira, ndipo anayankha mafunso a masabata atatu m'mawa umodzi, mofulumira ngati ana owerenga matebulo a masamu. Atatuluka onse, a Steward anatseka buku n'kubwera kudzakhala pabenchi la patsogolo pake.

"Bambo ali kuti, mayi?"

Zelifa anawafotokozera zonse, osabisa kanthu. A Steward anamvetsera atagwira chibwano. Anali atatopa, maso ali ofiira ndi ntchito ya masabata apitawo, ndipo nkhaniyi inawakhudza.

"Pepani kwambiri," anatero. "Kuchedwa kuja ndi kwanga, ndikuvomera."

"Si kuchedwa kokha, aphunzitsi. Ndilankhuleko, mundikhululukire ngati ndilakwitsa. Ife tinabwera kwa inu tili awiri, tikudyera m'mbale imodzi. Simunatifunse kuti takhala bwanji zaka zonsezi, kapena chimene timakanganirana, kapena kuti bamboyu akatuluka m'nyumba akagona kuti. Munatiika pabenchi limodzi ndi ana amene sanaikepo mwana m'manda, n'kutifunsa funso limodzimodzi. Ana amenewa nawonso, mukuti akudziwa kumene akakhale? Uja wa malaya ofiira kwawo n'ku Dwangwa, kumene amalowola. Mtsikanayo ndi wa kuno kwa chikamwini. Mwawafunsa kuti ana awo adzakhala a yani? Mawa adzabwera kuno akulira, inu mudzati n'za ankhoswe."

A Steward anayang'ana buku lawo, analitembenuza, n'kuliika pambali.

"Ndi mmene ndinaphunzitsidwira, mayi. Zopatula anthu ndinazipeza, sindinafunsepo kuti zinayamba bwanji. Ndikawafotokozera bambo mfumu mawa akabwera. Mwina pali zoti tisinthe." Kenaka nkhope yawo inamasuka ngati munthu amene wapeza mphatso yoti apereke. "Koma pali chimodzi chimene chingakutonthozeni. Chimene chinkakutsekerezani ndi kukhalira limodzi popanda sakramenti. Tsopano poti bambo akhazikika kwawo, inu muli nokha, palibenso chokuletsani. Mawa m'mawa mulape, ndipo pa Misa mulandira Ukaristia."

Zelifa anawayang'ana. Mawu amenewa anawadikira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anawalota, anawapempherera pa korona, ndipo ankaganiza kuti tsiku lowamva adzalulutira mpaka kudambo kukamveke. Tsopano anali atawamva, ndipo anangomva kuzizira kwa benchi.

"Ndiye kuti mwamuna wanga akapanda kubwerera, ine ndayera?"

"Sindinanene choncho, mayi. Ndikungonena lamulo mmene lilili."

"Nanga ndikamutsatira ku Benga?"

"Ndiye kuti khomo latsekekanso, kufikira mutadalitsa ukwati kumeneko. Mukayambiranso maphunziro."

"Ndipo akakanena kuti tipatukane, wotuluka m'nyumba ndikakhala ine."

A Steward anatola buku lawo lija, n'kuimirira.

Madzulo a tsikulo Maness anabwera ndi mpango woyera woti mng'ono wake adzavale polandira. Nkhani anali ataimva kale, ndipo anali wokondwa moona mtima. Anapeza Zelifa akuthira mpunga m'thumba, zovala za mwana wamng'ono zitamangidwa pachitenje.

"Ukupita kuti?"

"Ku Benga, achemwali. Rute atsala ndi azing'ono ake awiriwa mpaka sukulu atatsekera. Ankhoswe adzabwera kudzakamba nanu."

"Wapenga? Mawa lomweli ukulandira Ambuye. Ukusiya Ambuye, ukusiya dambo la amayi, kutsatira mwamuna amene wakukana? Mapanga awiri avumbwitsa, Zelifa. Kumeneko ukakhala mtengwa, wotumidwa ndi alamu ako. Ana awa sachoka pano, ndikuuziretu."

"Ndikudziwa zonsezo."

"Ndiye landira kaye mawa, upite Lolemba."

"Ndilape kuti ndasiyana naye, thumba nditamanga kale? Ayi achemwali." Zelifa anamanga kukamwa kwa thumba, n'kuwongoka. "Njala ya Ukaristia ndakhala nayo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Imawawa, koma ndikuidziwa, ndinaphunzira kugona nayo ndi kudzuka nayo. Iyi ya masabata asanu ndi atatu yandikanika."

Maness anapinda mpango uja pang'onopang'ono, ndipo potuluka anapukuta m'maso ndi nsonga yake.

Lamlungu galimoto zimavuta. Zelifa anafika pamsewu m'mawa, mwana ali kumsana, thumba lili pambali, ndipo anadikira mpaka dzuwa linakwera. Tchalitchi chinali pafupi moti Misa yonse inkamveka. Anamva kuwerenga, anamva ulaliki osamva mawu ake, anamva kabelu kakulira katatu, n'kugwada pomwepo m'fumbi la m'mbali mwa msewu. Kenaka kwaya inayamba nyimbo ya polandira. Ankadziwa kuti tsopano mabenchi akutsogolo ayamba kuimirira, kenaka apakati, ndipo kuchokera pamene anali mpaka kuguwa sipakanatenga nthawi yoposa ndime imodzi ya nyimbo. Anaimba nawo motsitsa, misozi ikutsikira m'kamwa.

Ndime yachitatu isanathe galimoto inatulukira pakona, wothandizira dalaivala akukuwa kuti Benga, Salima. Zelifa anadzuka, anasansa fumbi m'mawondo, n'kuimika dzanja.

"Muli angati, mayi?"

"Ndili ndekha ndi mwanayu," anatero Zelifa. "Bambo ake akutidikira kutsogolo."